Abambo akuthira mankhwala a glaucoma koma sakuona bwino, tisiye?

Funso

Adokotala, abambo anga ali ndi zaka 67. Miyezi inayi yapitayo kuchipatala anawapeza ndi glaucoma, n'kuwapatsa timolol woti azidonthezera m'maso m'mawa ndi madzulo. Mpaka lero kuona kwawo sikunasinthe, moti akuti mankhwalawo ndi opanda ntchito, akufuna kusiya. Masiku ano usiku akumabanika, chifuwa chikumalira. Ali mnyamata ankadwala mphumu koma inasiya kalekale. Maso akafiira timawagulira kankhwala kena kufamase, kamayeretsa maso msanga. Ineyo ndili ndi zaka 41. Anandiyeza tsiku lomwelo n'kundiuza kuti pulesha ya m'maso mwanga ndi 24, koma sanandipatse mankhwala. Tichite bwanji? (Mayi wa ku Dedza)

Yankho

Mayi, ndiyamba ndi kubanikako, chifukwa pa zonse mwalembazi ndi chokhacho chimene sichingadikire. Abambo asathirenso timolol usiku uno. Mawa m'mawa pitani nawo kuchipatala, mutanyamula botolo la timolol, kankhwala kakufamaseko, mankhwala ena alionse amene akumwa, ndi buku lawo la kuchipatala. Ngati akubanika mpaka kulephera kumaliza mawu, kapena akulephera kugona pansi, musadikire kuti kuche, pitani pa chipatala chilichonse chapafupi. Tsiku limodzi kapena awiri osathira mankhwala sangawachititse khungu. Mphumu yobwera mwamphamvu imapha usiku umodzi.

Timolol ali m'gulu la mankhwala otchedwa beta blocker, abale ake a propranolol ndi atenolol amene amaperekedwa pa BP ndi pa mtima. M'diso amagwira ntchito yabwino, ndipo ndi wotchipa, n'chifukwa chake ndiye amapezeka kwambiri m'zipatala zathu. Koma akafika m'mapapo amafinya njira za mpweya, ndipo munthu amene anadwalapo mphumu, ngakhale zaka 50 zapitazo, sayenera kumugwiritsa ntchito. Achikulire ambiri akafunsidwa kuti "muli ndi matenda ena?" amati ayi, ndipo sanama, poti kwa iwo mphumu ya paunyamata ndi nkhani yakale. Mawa mukanene inu nokha momveka bwino. Akawapimenso mtima, chifukwa kubanika kwa usiku pa msinkhu umenewo kumachokeranso ku mtima wofooka, ndipo timolol amauwonjezera vuto mtima wotere.

Mwina mukudabwa kuti kadontho kam'diso kangafike bwanji m'chifuwa. Mukakoka chikope chapansi n'kuyang'ana pagalasi, pakona yoyandikana ndi mphuno muona kabowo kakang'ono. Kabowoko kamatsitsira misozi m'mphuno, n'chifukwa chake wolira amamina. Mankhwala nawo amatsata njira yomweyo. Akafika m'mphuno amalowa m'magazi mosadzera ku chiwindi, chimene chimachepetsa mphamvu ya mankhwala ambiri akumwa. Ndiye timolol wam'diso atha kuchedwetsa kugunda kwa mtima, kubweretsa chizungulire ndi kutopa, mwinanso kukomoka. Kwa amuna ena amachepetsa mphamvu zakuchipinda, ndipo ambiri amangosiya mankhwala mwakachetechete m'malo monena. Kwa odwala shuga amabisa kunjenjemera ndi kuthamanga kwa mtima kumene kumawachenjeza kuti shuga watsika. Amene akumwa kale atenolol, propranolol, verapamil kapena digoxin ayenera kumuuza wowapima maso asanalembe timolol.

Tsopano dandaulo la abambo, loti sakuona bwino kuposa kale. Akunena zoona. Ndipo sadzaona bwino chifukwa cha mankhwalawa, kaya timolol kaya ena amene awapatse mawa. Izi zimayenera kunenedwa tsiku loyamba lenilenilo, chifukwa munthu akayembekezera kuchira n'kusachira, amataya botolo.

Chimene chimasokoneza anthu ndi ng'ala. Pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi gogo amene anapita kuchipatala akutsogoleredwa ndi mdzukulu, anamuchita opaleshoni, mawa lake n'kumawerenga nkhuku zake yekha. Ng'ala ndi kuchita mtambo kwa kagalasi kam'kati mwa diso, ndipo kagalasiko kamachotsedwa n'kuikapo kena. Glaucoma imawononga mtsempha umene umanyamula zimene diso laona kupita nazo ku ubongo. M'kati mwa diso mumapangidwa timadzi toyera usana ndi usiku. Timadziti si misozi, sitituluka kunja, timadutsa pa kasefa kamene kali pakona yam'kati mwa diso n'kulowa m'magazi. Kasefako kakayamba kutsekeka, timadzi timachuluka, diso limalimba, ndiye pulesha imene amayeza ija. Kwa anthu ambiri imakhala pakati pa 10 ndi 21 pa makina oyezera. Si BP ya pamkono. Munthu atha kukhala ndi BP yabwinobwino koma ya m'diso ili 35.

Mtsemphawo uli ngati chingwe cha khonje, wopangidwa ndi timaulusi toposa 1 miliyoni. Pulesha ikakwera, timaulusi timaduka pang'onopang'ono, ndipo kamene kaduka sikalumikizikanso. Zimayambira m'mbali. Munthu amaona bwino chimene wachilunjika, koma amapunthwa pa mpando, njinga imamutulukira ngati yachokera kumwamba. Sizipweteka, ndipo diso linalo limakwirira pamene linzake lasiya. N'chifukwa chake ambiri amafika kwa ife diso limodzi litapita kale. Kwa anthu akuda nthendayi ndi yochuluka, imayamba msanga, ndipo imathamanga kuposa kwa azungu.

Ntchito ya mankhwala ndi kutsitsa pulesha kuti timaulusi totsalato tisaduke. Abambo akamaona chaka chamawa monga akuonera lero, mankhwala agwira ntchito. Sangadziwe okha ngati pulesha yatsika, pakuti sizimveka m'thupi. Chimene chimanena zoona ndi makina oyezera, kuunika mtsempha, ndi mayeso aja oti munthu azidina kabatani akaona kakuwala m'mbali. Awa si mankhwala oti "malizani botolo, muchira". Mphamvu ya dontho sikhalitsa, ndipo mukasiya, pulesha imabwerera pomwe inali. Ndi a moyo wonse, pokhapokha dokotala atasintha njira.

Komabe kafunseni ngati abambo alibe ng'ala pamwamba pa glaucoma, kapena ngati magalasi sangawathandize. Pa zaka 67 zimenezi zimayendera limodzi kawirikawiri, ndipo gawo limenelo la kusaona kwawo ndi lochizika.

Akachotsa timolol, mankhwala ena alipo. Amene ndimayamba kuwaganizira ndi latanoprost, kapena abale ake travoprost ndi bimatoprost. Amathiridwa kamodzi kokha, usiku, amatsitsa pulesha kuposa timolol kwa anthu ambiri, ndipo sachedwetsa mtima. Kuthira kawiri poganiza kuti agwira msanga kumachepetsa mphamvu yake. Amafiiritsa maso masabata oyamba, amatalikitsa tiubweya tam'mphepete mwa zikope, ndipo amatha kudetsa khungu lozungulira diso. Zimenezi si zoopsa. Vuto lake lenileni ndi mtengo, poti nthawi zambiri mumagula nokha. Dorzolamide amaluma akangolowa ndipo amasiya kuwawa kukhosi. Brimonidine amaumitsa kukamwa, amabweretsa tulo, ndipo ena pakapita miyezi zikope zimatupa n'kumayabwa. Ameneyu musungeni pamene adzukulu sangafike, chifukwa khanda likalawa ngakhale pang'ono limatha kugona osadzuka bwino, kupuma n'kumachedwa. Pilocarpine, mankhwala akale, amachepetsa mwanadiso, amapweteketsa mutu pamphumi, ndipo usiku munthu amaona mdima. Palinso mapiritsi a acetazolamide, amene ambiri amawadziwa kuti Diamox. Amachititsa dzanzi m'zala ndi kukodza pafupipafupi. Ndi othandiza masiku ochepa pamene pulesha yakwera kwambiri, koma si oti munthu azingogula chaka chonse popanda womuyang'anira, makamaka wa vuto la impso kapena sickle cell.

Chenjerani ndi mabotolo a mankhwala awiri osakaniza. Cosopt, Xalacom, Combigan ndi DuoTrav onsewa ali ndi timolol m'kati, ngakhale dzina lalikulu pa bokosi silikunena. Werengani timalemba ting'onoting'ono. Paliponse pamene palembedwa timolol, botolo limenelo si la abambo.

Ndinenenso maganizo anga. Kwa mkulu amene timolol wamukana, amene mankhwala enawo ayenera kugula mwezi ndi mwezi mpaka kalekale, si bwino kudalira madontho okha popanda kufunsa za njira zina. Pali laser (kuwala kwamphamvu kolunjikitsidwa m'diso) yotchedwa SLT imene imathandiza kasefa kaja kutulutsa timadzi, imachitika munthu ali khale pampando, kwa mphindi zochepa. Kafukufuku wa pa chipatala cha KCMC ku Moshi, m'dziko la Tanzania, amene anasindikizidwa mu 2021, anayerekeza laser imeneyi ndi timolol. Patatha chaka, pulesha inali pamlingo wofunika m'maso 61 mwa 100 alionse a laser, pamene a timolol anali 31 okha. Palinso opaleshoni yotchedwa trabeculectomy, yotsegula kanjira katsopano kotulukira timadzi. Anthu amaiopa, ndipo ena amati "uje anamuchita koma sanaone". Nayonso sibweza kuona kumene kunatayika, imateteza kumene kwatsala, ndipo imathandiza kwambiri ikachitika mtsempha usanathe. Kwa inu a ku Dedza, mbali ya maso ya ku Nkhoma ndi ya ku Kamuzu Central ku Lilongwe sizili patali, ndipo ku Blantyre kuli Lions Sight First Eye Hospital. Kafunseni kuti mwa njira zimenezi ndi iti imene ingatheke kwa abambo.

Kankhwala kakufamase kaja kandidetsa nkhawa pafupifupi ngati kubanikako. Mankhwala amene amayeretsa diso lofiira mwamsanga nthawi zambiri amakhala ndi steroid, mankhwala amphamvu oletsa kutupa ndi kufiira. Yang'anani pa botolo ngati palembedwa dexamethasone, prednisolone, betamethasone kapena hydrocortisone. Maxitrol, mwachitsanzo, ali ndi dexamethasone. Steroid amatseka kasefa komwe kaja. Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse pulesha yake imakwera akathira steroid kwa masabata angapo, ndipo mwa amene ali kale ndi glaucoma imakwera kwa ambiri ndithu. Ndiye n'kutheka kuti botolo limodzi likutsitsa pamene linalo likukweza, dokotala n'kumadabwa kuti bwanji mankhwala sakugwira. Musaguleso. Pitani nalo mawa, mukanene kuti akhala akuthira nthawi yaitali bwanji. Ana amene maso awo amayabwa chaka chonse mpaka kuoneka ofiirira ndi amene amavulala kwambiri ndi zimenezi, chifukwa makolo amaona kuti kabotolo kakuthandiza n'kumangogula. Mwana wa pulayimale atha kuchita khungu la glaucoma mwa njira imeneyi.

Apa pali chinthu chimodzi choti musasokoneze. Pochiza chifuwacho, n'kutheka kuti abambo apatsidwa mapiritsi a prednisolone kapena mankhwala opopera m'kamwa okhala ndi steroid. Asakane, kupuma ndiko koyamba. Kungoti dokotala wa chifuwa adziwe za glaucoma, wa maso adziwe za steroid, kuti pulesha iziyezedwa pafupipafupi.

Kufiira kwa maso a munthu wothira mankhwala tsiku lililonse kawirikawiri kumabwera ndi benzalkonium chloride, amene amaikidwa m'botolo kuti majeremusi asaswane. Amaumitsa diso. Chothandiza ndi kusintha mtundu wa mankhwala kapena kuwonjezera madontho ongonyowetsa, osati steroid. Za madzi a masamba, mkaka wa m'mawere, shuga kapena mkodzo, ndingoti ayi. Palibe chimodzi chimene chimatsitsa pulesha, koma zilonda za m'diso zimene zimabweretsa timaziona.

Kathiridwe kake ndi pamene ntchito yambiri imatayikira, ndipo ndikupempha kuti mukhale pansi tsiku limodzi muwaonerere abambo akuthira okha, osawathandiza. Achikulire ambiri dontho limagwera patsaya, iwo n'kumva kunyowa n'kuganiza kuti lalowa. Ena amakhudza diso ndi kamlomo ka botolo, majeremusi n'kulowa m'botolomo.

Asambe m'manja ndi sopo. Agone chagada pamphasa kapena pabedi, n'kosavuta kuposa kupendeka khosi ali chiimire. Ndi chala chimodzi akokere pansi chikope chapansi kuti pakhale kathumba, ayang'ane kumwamba, ndipo dontho ligwere m'kathumbamo, botolo lili m'mwamba pang'ono. Dontho limodzi. Diso silingasunge ngakhale dontho limodzilo lonse, moti lachiwiri limangotsikira patsaya kapena m'mphuno, kumene sitikulifuna. Likaphonya ndi pamene angabwereze. Kenako atseke maso mofatsa, osaphethira, osafinya zikope, ndipo ndi nsonga ya chala adine pakona ya diso pafupi ndi mphuno kwa mphindi ziwiri. Kuphethira kumapopera mankhwala m'kabowo kaja. Kudina kumakatseka, mankhwala amakhalitsa m'diso, ndipo amene amalowa m'magazi amachepa kuposa theka, malinga ndi kafukufuku amene anachitika ndi timolol yemweyu mu 1984. Koma kudinako sikupangitsa timolol kukhala wabwino kwa munthu wa mphumu, kwa abambo timolol watuluka basi. Akamaliza apukute zotsalira pakhungu ndi kansalu koyera. Ngati manja akunjenjemera kapena sakuona botolo bwino, pakhale munthu mmodzi pakhomo amene ntchito imeneyi ndi yake.

Akapatsidwa mabotolo awiri, pakati pake pazidutsa mphindi zosachepera zisanu, apo ayi wachiwiri amatsuka woyamba. Ngati pali opaka, amenewo ndi omalizira.

Botolo lenilenilo limakuuzani zambiri. Lakonzedwa kuti likwane pafupifupi mwezi. Likatha pa masabata awiri, akutaya. Likafika miyezi itatu lisanathe, akudumphitsa. Lembani pa bokosi tsiku limene mwalitsegula, ndipo pakatha masabata anayi litayeni ngakhale mutatsala pang'ono pansi. Pitani kukatenga lina kutatsala sabata, osadikira kuti liume, poti mutha kupeza kuti kuchipatala atha, n'kufunika nthawi yosaka kwina. Gulani ku famase yovomerezeka ndi bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA, osati pa benchi la pamsika pamene mankhwala amakhala padzuwa tsiku lonse. Ndipo botolo ndi la munthu mmodzi. Mnansi akabwera ndi diso lofiira, asapatsidweko.

Kutentha kumawononga mankhwalawa, makamaka latanoprost. Botolo lake losatsegula limayenera kukhala mufuriji, pa madigiri 2 mpaka 8, osati mbali youmitsa. Likatsegulidwa litha kukhala kunja mwezi wonsewo, bola pasapitirire madigiri 25 ndipo likhale m'bokosi lake, kopanda kuwala. Ku Dedza kwanuko nyengo yambiri ya chaka imakukomerani. Koma m'nyumba ya malata mu Okutobala, kapena kwa anzathu a ku Chikwawa ndi Nsanje, pawindo ndi m'thumba la malaya si malo ake. Opanda furiji aike kabotolo m'kachitini kotseka bwino, n'kukaika m'mchenga wonyowa m'mphika wadothi, pamthunzi. Kapena afunse za travoprost ndi bimatoprost, amene safuna furiji. Ndipo lisakhale pamodzi ndi timabotolo tofanana nalo. Munthu wosaona bwino amatha kutenga mankhwala a m'khutu kapena super glue mumdima.

Za nthawi, amangirize mankhwala ku chinthu chimene sachiiwala, monga kusukusula m'mawa ndi kuyala pogona usiku. Akaiwala, athire pamene akumbukira, koma ngati nthawi ya dontho lotsatira yayandikira, angodikira limenelo, osathira awiri. Masiku amene anthu amadumphitsa kwambiri ndi a maliro ndi a ulendo, munthu wapita kukagona kusiwa masiku atatu botolo lili kunyumba. Lizilowa m'chikwama limodzi ndi zovala. Osala kudya, kaya pa Ramadan kaya kutchalitchi, asasiye mankhwala. Othira kawiri patsiku atha kuthira kusanache ndi dzuwa litalowa, ndipo kudina pakona kuja kumachepetsa mankhwala otsikira kukhosi. Tsiku lopita kukayezetsa, athire monga mwa nthawi zonse. Ena amasiya dala kuti "adokotala akaone bwino matenda", chonsecho ife tikufuna kuona ngati mankhwala akugwira. Ndipo ngati anadumphitsa, anene. Wobisa amawonjezeredwa botolo lachiwiri limene sanalifune. Nthawi iliyonse funsani nambala ya pulesha ya diso lililonse ndi nambala imene dokotala akufuna kuti ifike, zilembedwe m'buku.

Pali chizindikiro china chosadikira, kwa iwo kapena kwa inu: diso kupweteka kwambiri mwadzidzidzi, kufiira, kuona chifunga ndi utawaleza kuzungulira nyali, mutu ndi kusanza. Umenewo ndi mtundu wina wa glaucoma umene umatseka njira ya timadzi nthawi imodzi. Ndi wa tsiku lomwelo, osati wa Panado.

Ndibwere kwa inu, mayi. Pulesha ya 24 yakwera pang'ono, koma ngati mtsempha uli bwino ndipo m'mbali mukuona bwino, imeneyo si glaucoma. Amene sanakupatseni mankhwala sanakunyalanyazeni. Kafukufuku wamkulu wa ku America, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anatsatira kwa zaka zisanu anthu oposa 1,600 a pulesha yokwera opanda glaucoma. Mwa osalandira mankhwala, 9.5 peresenti anayamba glaucoma. Mwa olandira, 4.4 peresenti. Ndiye mankhwala amachepetsa chiopsezo ndi theka, komanso anthu asanu ndi anayi mwa khumi sanadwale ngakhale sanathire kanthu. N'chifukwa chake sitimangira aliyense wa 24 pa botolo la moyo wonse.

Koma inu simuli m'gulu loti liiwale. Abambo anu ali nayo, ndinu wakuda, ndipo pa zaka 41 maso amenewa ali ndi ulendo wautali. Kuyeza kamodzi sikukwanira, poti pulesha imasintha ndi nthawi ya tsiku. Kakhungu koonekera kakutsogolo kwa diso nako kamasokoneza makina: kakakhala kopyapyala, monga zimakhalira kwa anthu akuda ambiri, nambala imaoneka yotsika kuposa mmene ilili. Bwererani pasanathe miyezi 6, mukapemphe kuti akaunike mtsempha, osati pulesha yokha, ndipo ngati makina alipo akayeze kuona kwa m'mbali ndi kukhuthala kwa kakhunguko. Kuchokera pamenepo, kamodzi pachaka osaphonya, kapena monga angakuuzireni. Musathire za abambo poti zatsala. Steroid wam'maso mupeweni ngati sanakulembereni dokotala wa maso. Akadzafuna kukuyambitsani mankhwala muli oyembekezera kapena mukuyamwitsa, kaneneni asanalembe.

Azichimwene ndi azichemwali anu amene afika zaka 35 kapena 40, komanso azakhali ndi abambo aang'ono ndi aakulu obadwa mimba imodzi ndi abambo anu, onse akayezetse. Kuwerenga zilembo pakhoma, kapena kugula magalasi owerengera pamsika n'kuona kuti akuthandiza, si kuyezetsa glaucoma. Akafika kuchipatala anene kuti m'banja muli wodwala glaucoma, ndipo apemphe kuyezedwa pulesha ndi kuunikidwa mtsempha wa m'diso.